Gaga Wotayidwa ndi Alonda a m'Matumbo

Phunziro la za umoyo wa banja

M'midzi yambiri ya dziko lino, mayi akafuna kulemekeza mlendo amamphikira nsima ya ufa woyera. Ntchito yake aliyense aidziwa: chimanga chimakonoledwa mu mtondo kapena ku chigayo, gaga amapetedwa pa lichero, mphale imaviikidwa m'madzi masiku angapo, pambuyo pake imatsukidwa, kusinjidwa ndi kuyanikidwa, ndipo ufa umatuluka woti mbee. Gaga uja amapita ku khola la nkhumba ndi la nkhuku, mwina kwa otcheza kachasu. Tsono nsima ya mgaiwa, imene ufa wake umagayidwa chimanga chili chathunthu, ambiri amaiyesa chakudya cha ku ndende, cha ana a sukulu zogonera komweko, cha aganyu ndi cha chaka cha njala. Kotero alipo mabanja amene amachita manyazi mnansi akawapeza akudya mgaiwa.

Phunziro lino lifuna kuonetsa chinthu chimodzi. Gaga amene anthu amamnyoza, pamodzi ndi makoko a nyemba ndi ulusi wa ndiwo zamasamba, ndiye chakudya cha alonda osaoneka amene Mlengi adawaika m'matumbo mwa munthu aliyense. Ndipo alondawo akamanidwa chakudya chawo, matenda amapeza khomo lili pululu.

1. Kodi gaga wa m'zakudya n'chiyani?

Chakudya chimene munthu wameza chimayamba chafika m'chifu, kenaka chimalowa m'matumbo aang'ono, amene kutalika kwake ndi mamita ngati 6. M'menemo chimasungunulidwa ndi timadzi ta thupi, ndipo zopatsa mphamvu ndi zomanga thupi zimalowa m'magazi. Koma m'zomera zonse muli gawo lina limene timadzi ta munthu sititha kuligaya. Gawo limeneli limapitirira lili chomwecho mpaka m'matumbo aakulu, amene ali ngati mita imodzi ndi theka, ndipo ndiwo malekezero a njira ya chakudya. Pa Chingerezi gawoli amalitcha fibre, dzina limene dokotala wa ku Australia, Eben Hipsley, adalilemba mu 1953. M'phunziro lino lidzatchedwa gaga wa m'zakudya, pakuti gaga wa chimanga ndiye chitsanzo chake chodziwika kwa onse.

Gaga ameneyu ali wa mitundu itatu. Woyamba ndi wolimba, wosasungunuka m'madzi, monga khungu la njere ya chimanga, la mapira ndi la mawere, makoko a nyemba ndi a nzama, ndi ulusi wa nkhwani kapena wa chigwada. Wachiwiri ndi wofewa, wosungunuka m'madzi ndi kusanduka wonanda, monga uja apangitsa therere kuterera, ndi uja apezeka m'kati mwa nyemba, m'malambe, m'magwafa ndi m'zipatso zina. Wachitatu ndi ufa wa m'zomera umene wauma mtima ndi kukana kugayika: umapezeka m'nthochi zosapsa, m'nyemba, ndiponso mu nsima kapena mbatata zimene zidaphikidwa n'kuzizira, monga mkute. Nyama, nsomba, mazira, mafuta ndi shuga, ngakhale zina mwa izo zili zofunika kwambiri m'thupi, zilibe gaga mpang'ono pomwe.

Zaka zambiri madokotala ankayesa gawo limeneli ngati zinyalala chabe. Ankati chinthu chosagayika sichingadyetse thupi, ndipo ufa wabwino ndi umene wayeretsedwa kwambiri.

2. Madokotala awiri a ku Mulago

Amene adathandiza kwambiri kutembenuza maganizo amenewa ndi madokotala awiri ogwira ntchito pa chipatala cha Mulago, mu mzinda wa Kampala ku Uganda. Mmodzi adali Hugh Trowell, amene pambuyo pake adadzozedwa kukhala wansembe wa mpingo wa Anglican. Wina adali Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wobadwira ku Ireland, amene adafika ku Uganda mu 1946. Burkitt ameneyu ndi yemwe uja adalongosola mu 1958 khansa yotupitsa nsagwada za ana, imene mpaka lero itchedwa dzina lake ndipo ipezeka m'dziko linonso.

Anthu awiriwa adadabwa ndi chinthu chimodzi. Matenda amene adadzaza zipatala za ku Britain, monga kudzimbidwa, kutupa kwa kathumbo kotchedwa apendikisi ndi khansa ya m'matumbo aakulu, ankaoneka mwa apo ndi apo pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa, amene ankadya nthochi zophika, mawere, nyemba ndi masamba. Mu 1972 Burkitt ndi anzake awiri, Alec Walker ndi Neil Painter, adalengeza zimene adapeza atayesa chimbudzi cha anthu a maiko osiyanasiyana. Munthu wa kumudzi mu Africa ankataya magalamu oposa 400 pa tsiku, ndipo chakudya chinkatha ulendo wake m'thupi pa tsiku limodzi ndi theka. Munthu wa ku Britain wodya buledi woyera ndi shuga ankataya magalamu ongopitirira pang'ono 100, ndipo chakudya chinkakhala m'thupi mwake masiku atatu, mwinanso kuposa.

Nkhani yotere ena angaione yochititsa manyazi kuilemba m'nyuzipepala. Koma akulu adati mbewa ya manyazi idafera ku uuna. Burkitt ankaganiza kuti ntchito yaikulu ya gaga ndi kusesa matumbo ngati tsache. Adanena zoona, koma mbali imodzi yokha. Mbali inayo idadziwika anthu atayamba kuwerenga bwino tizilombo tokhala m'matumbomo.

3. Mudzi wosaoneka

Woyamba kuona tizilombo totchedwa mabakiteriya adali Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mu mzinda wa Delft ku Holland. Iyeyu ankadzisulira yekha magalasi okulitsa zinthu, ndipo mu 1683 adalembera kalata bungwe la Royal Society ku London, kufotokoza tamoyo ting'onoting'ono timene adationa m'zoyera za pakati pa mano ake. Patapita zaka 200, Robert Koch wa ku Germany adapeza kachilombo ka chifuwa chachikulu mu 1882 ndi ka kolera chaka chotsatira. Ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri adakhulupirira kuti kachilombo kalikonse ndi mdani. Koma mu 1885 Theodor Escherich adapeza tizilombo m'matumbo mwa makanda athanzi, ndipo mu 1899 Henri Tissier wa ku Paris adaona kuti ana oyamwa bere ali ndi mtundu wawo wa tizilombo, umene lero utchedwa Bifidobacterium. Zidayamba kuoneka kuti pali tizilombo tina timene tili nzika za m'thupi.

Kuchuluka kwake n'kozizwitsa. Mu 2016 anthu ophunzira a ku Weizmann Institute ku Israel adawerengetsa kuti munthu wamkulu wolemera makilogalamu 70 amasenza mabakiteriya 38 miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni, pamene tizigawo ta thupi lake lenileni, totchedwa maselo, tili 30 miliyoni kuchulukitsa ndi miliyoni. Onse pamodzi mabakiteriyawo amalemera magalamu ngati 200, ndipo pafupifupi onse amakhala m'matumbo aakulu. Ali a mitundu mazanamazana, ngati mafuko a m'mudzi waukulu. Mwana amawalandira kwa mayi wake pobadwa ndi poyamwa, ndi kwa abale ake, ndipo pofika zaka zitatu mudzi wake wa m'mimba umakhala utafanana ndi wa munthu wamkulu.

Nanga khamu lonseli limadya chiyani? Zofewa ndi zotsekemera zonse zimatengedwa ndi matumbo aang'ono. Ku matumbo aakulu kumafika gaga. Iyeyo ndiye phoso lawo. Tizilomboti tili ndi timadzi timene munthu alibe, ndipo timamwitsa gaga monga chimera chimasasitsa thobwa. Pa ntchito imeneyi pamatuluka mpweya, mavitamini ena monga vitamini K, ndi maasidi atatu ofunika: acetate, amene ali asidi yemwe uja wa mu viniga, propionate ndi butyrate.

4. Mmene alonda amatetezera mwini nyumba

Mu 1954, pa yunivesite ya Chicago ku America, Marjorie Bohnhoff ndi C. Phillip Miller adachita chiyeso chimene chidatsegula maso a ambiri. Adaona kuti pofuna kudwalitsa mbewa yathanzi ndi Salmonella, kachilombo kotsegula m'mimba ka fuko limodzi ndi kaja ka tayifodi, pankafunika tizilombo ngati 100,000. Koma akayamba aimwetsa mbewayo mankhwala a streptomycin, amene amapha nzika za m'matumbo, tizilombo tosakwana 10 tinkakwanira kuidwalitsa. Mdani adali yemweyo. Chidasintha n'chakuti alonda adali ataphedwa. Chitetezo chimenechi chimayenda m'njira zinayi.

Njira yoyamba ndi kudzaza malo. Munda umene mbatata zayanga ndi kuphimba nthaka yonse, udzu umavutika kumeramo. Munda wosiyidwa poyera umadzala ndi chisoso ndi nsongole. Momwemonso tizilombo tabwino tikachuluka timatha chakudya ndi malo, ndipo kachilombo koipa kolowa ndi madzi kapena chakudya kamasowa pokhazikika.

Njira yachiwiri ndi kuwawasa. Maasidi atatu aja amasasitsa za m'matumbo, ndipo tizilombo ta kamwazi ndi ta Salmonella sitiswana bwino pamalo owawasa. Amayi amadziwa kale kuti chakudya chosasa sichifulumira kuvunda.

Njira yachitatu ndi kudyetsa khoma. Khoma la matumbo aakulu ndi lopyapyala koposa, mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo kuseri kwake kuli magazi. Mu 1980 dokotala W. Roediger adaonetsa kuti maselo amenewa mphamvu yawo yaikulu amaitenga ku butyrate, ndiye kuti ku chakudya chophikidwa ndi tizilombo kuchokera ku gaga. Maselo okhuta amalumikizana zolimba ngati njerwa za mmisiri wabwino, ndipo pamwamba pawo thupi limapaka utomoni wonanda, woterera ngati therere, monga mayi amazira chipupa cha nyumba ndi dothi. Utomoniwo umatsekereza tizilombo kuti tisakhudze khoma. Palinso china. Maselo akamadya butyrate amatha mpweya wa okosijeni, kotero m'matumbo aakulu mumakhala mopanda mpweyawo, monga nzika zake zifunira. Mu 2016 ndi 2017 gulu la Andreas Bäumler ku California lidaonetsa pa mbewa kuti butyrate akachepa, okosijeni amalowa m'matumbo, ndipo Salmonella ndi abale ake, amene amaukonda mpweyawo, amaswana mofulumira.

Njira yachinayi ndi kuphunzitsa asilikali a thupi. Gawo lina la maselo oteteza thupi limakhala m'mbali mwa matumbo, ndipo maasidi aja amawauza nthawi yomenya nkhondo ndi nthawi yoleka, kuti angaononge thupi lomwe akuliteteza. Maasidiwo amalowanso m'magazi ndi kufika kutali: mu 2018 ophunzira a ku Lausanne ku Switzerland adapeza kuti mbewa zodya gaga wambiri zinkapulumuka bwino ku fuluwenza, amene ali matenda a m'mapapo.

5. Alonda akagona ndi njala

Mu 2016 Mahesh Desai ndi Eric Martens, pa yunivesite ya Michigan, adatenga mbewa zobadwa ndi kuleredwa mopanda kachilombo kalikonse, naziika m'matumbo mitundu 14 ya tizilombo ta m'mimba mwa munthu. Zina ankazidyetsa chakudya cha gaga, zina chakudya choyeretsedwa chopanda gaga. Chimene adaona n'choopsa: tizilombo tosowa gaga tidatembenukira ku utomoni uja wozira khoma ndi kuyamba kuudya, mpaka udapyapyala. Atazipatsa mbewa zonse kachilombo kotupitsa matumbo, zodya gaga zidadwala pang'ono chabe, koma zinzake zija zidadwala msanga, zidaonda, ndipo zambiri zidafika pa imfa. Mlonda wa njala adadya mpanda umene adaikidwa kuti aulondere.

Chaka chomwecho Erica ndi Justin Sonnenburg a ku Stanford adaonetsa chinthu chimene makolo ayenera kuchilingalira. Mbewa zodya chakudya chochepa gaga zidataya mitundu ina ya tizilombo tawo. Ana ake adabadwa ndi mitundu yochepa, adzukulu yocheperanso, ndipo pofika mbadwo wachinayi mitundu yoposa theka idali itazimirira. Ngakhale zidabwezeredwa pa chakudya cha gaga, mitundu yambiri siidabwerere, pakuti panalibenso mbewu yoti iphuke. Nkhokwe imene mbewu yake yadyedwa siingabale, ngakhale mvula itagwa bwino chotani.

Wina anganene kuti mbewa si munthu, ndipo anena zoona. Chifukwa chake n'kofunika kumvanso zimene zidaoneka pa anthu. Mu 2010 madokotala a ku Italy adafanizira ana 14 a m'mudzi wa Boulpon ku Burkina Faso, odya mawere, mapira ndi khobwe, ndi ana 15 a mu mzinda wa Florence. Ana a kumudzi aja adapezeka ndi mitundu yambiri ya tizilombo, maasidi oteteza ochuluka, ndi tizilombo tochepa ta fuko la Shigella, loyambitsa kamwazi. Ndipo mu 2015 Stephen O'Keefe adalengeza za anthu 20 akuda a mu mzinda wa Pittsburgh ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal ku South Africa, amene adasinthana zakudya masabata awiri. Mwa Aamerika amene adadya nsima, nyemba ndi masamba, butyrate adachuluka kawiri ndi theka. Mwa anthu a kumudzi amene adadya nyama yokazinga ndi zamafuta zochepa gaga, butyrate adatsika ndi theka, ndipo khoma la matumbo awo lidayamba kuonetsa zizindikiro za kutupa. Masiku 14 okha adakwanira.

Izi zikhudza mabanja ambiri a m'matauni, kumene buledi woyera, mandasi, mabisiketi, chipisi ndi zakumwa zotsekemera zikulanda malo a mbatata, mawungu, chimanga chophika ndi thobwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

6. Khanda, bere ndi mapasa a ku Malawi

Khanda silidya gaga, komabe Mlengi sadaiwale alonda ake. Mu mkaka wa m'mawere muli mitundu yoposa 100 ya shuga wapadera amene mwana mwiniyo satha kumgaya. Kwa nthawi yaitali anthu ophunzira ankadabwa chifukwa chake thupi la mayi limadzivuta kupanga chakudya chosadyeka. M'zaka za m'ma 1950 Paul György ndi anzake adayamba kuzindikira kuti chakudyacho ndi cha Bifidobacterium, mlonda woyamba wa khanda. Mayi poyamwitsa amadyetsa mwana ndi alonda ake omwe. Ichi ndi chifukwa chimodzi chimene a chipatala amalangizira bere lokha miyezi 6 yoyamba, ndi kupitiriza kuyamwitsa mpaka zaka ziwiri.

Dziko la Malawi lili ndi mbali yake m'nzeru zimenezi. Mu 2013 gulu la Jeffrey Gordon ndi Mark Manary a ku Washington University, pamodzi ndi anzawo a ku College of Medicine ku Blantyre, lidalengeza zimene lidapeza litatsatira mapasa a mabanja 317 a m'midzi ya chigawo cha kumwera. M'mabanja ambiri mwana mmodzi ankadwala matenda a kunyentchera kapena otupikana, otchedwa kwashiorkor, pamene mnzake, wodya m'mbale yomweyo, adali bwino. Adapeza kuti mudzi wa m'matumbo mwa ana otupikana udali wosakhwima monga wa anzawo. Ataika tizilombo ta ana odwalawo mu mbewa ndi kuzidyetsa chakudya chosakwanira chonga cha anawo, mbewa zidaonda kwambiri. Chiponde cha ku chipatala chidakonza zinthu kwa kanthawi, koma zidabwerera m'mbuyo chitalekedwa. Phunziro lake ndi ili: chakudya chosakwanira chimaononga alonda, ndipo alonda oonongeka amakulitsa vuto la chakudya chosakwanira.

7. Zimene gaga sangathe kuchita

Pano pafunika kuchenjera, kuti wina angatenge phunziro lino ngati mankhwala ochiza nthenda iliyonse.

Choyamba, alonda angagonjetsedwe ndi khamu lalikulu la adani. Mliri wa kolera umene udayamba m'mwezi wa March 2022 ndi kupitirira mu 2023 udagwira anthu oposa 58,000 m'dziko lino ndi kupha oposa 1,700.  Madzi owiritsa kapena othira mankhwala, chimbudzi chovundikira, kusamba m'manja ndi sopo ndi katemera, palibe chakudya chimene chingalowe m'malo mwa zimenezi. Wotsegula m'mimba amwe thanzi ndi kuthamangira ku chipatala.

Chachiwiri, mankhwala opha tizilombo ndi mphatso yaikulu akaperekedwa ndi dokotala. Mu 2013 zidaonetsedwa pa ana oposa 2,700 a ku Malawi onyentchera kwambiri kuti mankhwala otere, operekedwa pamodzi ndi chiponde, adachepetsa imfa. Cholakwa ndi kugula makapisozi pa msika ndi kumamwa pa chimfine chilichonse; wochita zotere amapha alonda ake popanda mdani.

Chachitatu, chimanga chachuku chili ndi poizoni amene amakhala makamaka m'khungu la njere. Mgaiwa wabwino ndi wa chimanga chouma bwino, chosankhidwa, chimene njere zowola ndi zofumbwa zachotsedwa. Chimanga chokayikitsa ndi bwino kuchikonola, ndipo chowola chitayidwe. Mgaiwa ugayidwenso pang'onopang'ono, chifukwa mafuta a mu mtima wa njere amauwawitsa ukakhalitsa.

Chachinayi, mimba ya mwana wamng'ono ndi yaing'ono. Akaidzaza ndi zakudya za gaga zokhazokha amakhuta asanalandire mphamvu zokwanira. Phala lake likhale lolimba, lothira nsinjiro, soya, mafuta pang'ono, dzira kapena ufa wa usipa, monga amachitira ndi Likuni Phala.

8. Zoyenera kuchita pa banja

Mu 2023 bungwe la World Health Organization lidalangiza kuti munthu wa zaka 10 kapena kuposa adye magalamu 25 a gaga pa tsiku, osachepera. Mwana wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 21. Ndi wa zaka 2 mpaka 5 magalamu 15. Lidalangizanso kuti munthu wamkulu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Muyeso umenewu si wa anthu olemera okha. M'magalamu 100 a ufa wa mgaiwa muli gaga wokwana magalamu ngati 7. M'magalamu 100 a nyemba zophika, 6 kapena 7. A mtedza, ngati 8. A magwafa, ngati 5. A mbatata, ngati 3. M'botolo la chakumwa chotsekemera mulibe kanthu. Motero nsima ya mgaiwa masana ndi madzulo, chipande cha nyemba ndi ndiwo zamasamba, zimakwaniritsa muyesowo popanda kupita ku sitolo.

Banja limene lazolowera ufa woyera lingayambe ndi kusakaniza magawo awiri a ufa woyera ndi gawo limodzi la mgaiwa, ndi kumaonjezera pa masabata angapo. Kusintha mwadzidzidzi kumadzetsa mpweya m'mimba, koma umenewo ndi umboni wakuti alonda ayamba kudya, ndipo umachepa thupi likazolowera. Munthu azingomwa madzi okwanira. Nyemba zikaviikidwa usiku wonse zimapsa msanga, zimasunga nkhuni ndiponso sizivuta m'mimba.

Popeza tizilombo tili ta mitundu yambiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chakudya chake, kusinthasintha ndiwo n'kofunika: lero nyemba, mawa nandolo, khobwe, nzama kapena mphodza, bonongwe, chisoso, luni, kholowa, nkhwani ndi therere. M'nyengo ya dzinja, pamene masamba ali mbwee, mayi wanzeru amafutsa mfutso wa m'chilimwe. Ana apatsidwe masuku, masau, malambe, mango ndi magwafa pa nyengo yake m'malo mwa maswiti. Mkute ndi wabwino ngati udasungidwa movundikira, pamalo ozizira, ndi kudyedwa m'mawa mwake.

Palinso phindu la pa nkhokwe. Pokonola ndi kuviika, pafupifupi mtanga umodzi pa mitanga itatu umapita ku madeya ndi ku madzi oviikira. Banja lodya mgaiwa limaona nkhokwe yake ikufika patali, ndipo miyezi ya January ndi February siliwawa monga kale.

9. Udindo wa Mkhristu

Lamulo lachisanu la Mulungu sililetsa kupha kokha. Limalamulanso munthu kusamala moyo wake ndi wa onse amene adaikidwa m'manja mwake. Bambo wogula ufa ndi mayi wogwira mthiko, mkulu wa sukulu wodyetsa ana mazana, asisteri osamala odwala ndi okalamba, onsewa amasankha tsiku ndi tsiku ngati alonda a m'matupi a anthu awo adye kapena agone ndi njala. Kumana ana chakudya cholimbitsa chifukwa choopa kusekedwa ndi anansi ndi kuika ulemu wa pamaso pa anthu patsogolo pa moyo wa mwana.

M'mutu woyamba wa Buku la Danieli muli mbiri ya anyamata anayi a ku Yuda amene adakana zakudya za pa tebulo la mfumu ya ku Babiloni, napempha kuti ayesedwe masiku 10 akudya zomera ndi kumwa madzi. Ndipo pa mapeto pake adaoneka athanzi kuposa anzawo. Chimene buku loyeralo liphunzitsa ndi kukhulupirika kwa Mulungu, si maphikidwe ai; komabe lionetsa kuti chakudya cha anthu wamba sichinyozeka pamaso pa Mulungu. Nawo Mpingo, polamula ana ake kusala nyama pa Lachitatu la Phulusa ndi pa Lachisanu lililonse la Lenti, cholinga chake ndi kulapa. Koma mbale ya nyemba ya tsiku limenelo imapindulitsanso thupi.

Munthu wodzitama amayesa kuti adziimira yekha, chonsecho moyo wake watsamira pa tamoyo tosaoneka timene sadatilenge, ndipo timangopempha makoko ndi gaga. Pa nyengo ino, mayi akamapeta mphale pa lichero, ayambe waganiza kuti gaga akugwa pansiyo ndi wa nkhumba yokha kodi, kapena gawo lina ndi la ana ake.

Mafunso okambirana m'Miphakati ndi m'masukulu

1. Kodi gaga wa m'zakudya ali wa mitundu ingati, ndipo mtundu uliwonse umapezeka m'zakudya ziti?
2. Chiyeso cha ku Chicago cha mu 1954 chidaonetsa chiyani za tizilombo ta m'matumbo?
3. Ndi njira zinayi ziti zimene alonda a m'matumbo amatetezera thupi?
4. Chimachitika n'chiyani ku khoma la matumbo tizilombo tikasowa gaga?
5. Ndi chimanga chotani chimene sichiyenera kugayidwa mgaiwa, ndipo chifukwa chake n'chiyani?
6. Kodi manyazi a mgaiwa amachokera kuti, ndipo Akhristu a pa mudzi angathandizane bwanji kuwathetsa?